Chilengezo: Loweruka tikumane za rova yathu

Anzanga nonse a m'gulu, Loweruka lino 14 hours tikumane ku malo athu aja pafupi ndi msika wa Kapata, tiyambe kumanga karova kathu, kagalimoto ka roboti kotengera ma rova amene amayenda pa pulaneti la Mars.

Kwa amene mwalowa chatsopano, tikutengera University Rover Challenge, mpikisano wa ophunzira a m'mayunivesite umene bungwe la Mars Society limachititsa m'chipululu cha ku Utah kuyambira 2007. Kumeneko rova isapitirire makilogalamu 50, ndipo iyenera kukumba dothi n'kuliyeza ngati muli zamoyo, kukonza makina ndi mkono wake, komanso kuyenda yokha popanda woiwongolera, apa ndiye povuta kwambiri chifukwa ku Mars uthenga wochokera kuno umatenga mphindi zingapo kuti ufike, ndiye singamadikire munthu pa mwala uliwonse.

Ife sitinafike pamenepo ayi, koma matayala 6 ndi miyendo ya rocker-bogie (yothandiza rova kukwera miyala) ngati ya Perseverance, rova ya NASA ya ku Mars, tikwanitsa ndithu. Tikaiyesera pa miyala ya ku Kanjala.

Amene muli ndi Arduino (kabodi ka kompyuta kowongolera makina), mabatire, mawaya kapena ma mota a ma waipa a galimoto yakufa bweretsani. Asisi a kompyuta chonde musajombe, pulogalamu ikudalira inu. Lembani dzina pansipa ngati mubwera.