Kalata kwa mwana wanga, pa nkhani ya magemu ija

Chinamwali, Zomba

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Lilongwe. Kuno tadzuka, mwendo wa mayi ako uja wayamba kuleza. Chiperoni chatsika m'phiri masiku atatu tsopano, moti Ku Chawe sikukuoneka n'komwe, ndipo makasitomala achepa. N'chifukwa chake ndapeza mpata wokhala pansi n'kukulembera.

Lamlungu lija pafoni ndinakuyankha mwachidule chifukwa sindinafune kulankhula ndisanaganize. Unati ukufuna kuyamba kusintha magemu a pakompyuta, zimene anzako amati mamodi, ndipo unafunsa ngati luso limenelo ungapite nalo kwina, kapena ndi kungotaya nthawi. Mayi ako atamva mawu oti gemu nkhope inagwa, poti iwo amaona ana a pano akuthera ndalama ya sopo m'timashedi ta magemu. Ine funso lako ndalimva mwina, chifukwa ndi funso limene ndakhala nalo pabenchi langa moyo wanga wonse.

Ukudziwa kuti ndinayamba ndi mawailesi, pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Zomba. Amene anandiphunzitsa sanandipatse buku. Anandipatsa wailesi yakufa ndi sikuludiraiva, nati tsegula, uone mmene anaganizira amene anaipanga. Patapita zaka kunabwera mawailesi a kaseti, kenaka ma TV aja a chimbuyo chachikulu, kenaka mafoni, lero malaputopu. Nthawi ya makaseti ndinkadziwa pamtima lamba woyenera wailesi iliyonse, ndikangomva kulira kwake ndadziwa kale chavuta. Nzeru imeneyo inafa pamodzi ndi makasetiwo, palibe wandifunsapo za lamba zaka zambiri tsopano. Koma china sichinafe: kutsata moto kuchokera pamene walowera mpaka pamene wathera, kusintha chinthu chimodzi chokha n'kuyesa ndisanakhudze china, kuyala timasikuluwu motsatana kuti ndidzabwezere bwino, ndi kusachita mantha ndi chinthu chimene anapanga munthu wina. Zimenezi ndi zimene zinakulipirira sukulu, ndipo ndikamatsegula laputopu lero ndi manja omwewo a pawailesi amene akugwira ntchito.

Modi ndi chimodzimodzi. Ukutsegula chinthu chimene anamanga ena, n'kuona mmene chinalumikizidwira, n'kusinthamo. Ndipo luso lake lilinso pawiri: lina lidzafa ndi gemuyo, lina udzayenda nalo.

Ndakhala ndikuwerenga za nkhaniyi madzulo, ndipo si yachilendo monga mayi ako akuganizira. Amene anapanga Doom mu 1993 anaika zithunzi, phokoso ndi mapu a gemuyo m'mafayilo apadera otchedwa WAD, mosiyana ndi injini yake, ndipo anthu wamba anayamba kupanga mapu awoawo. Counter-Strike, imene anyamata amaombelanamo mpaka lero, inayamba mu 1999 ngati modi ya gemu ya Half-Life, yopangidwa ndi anyamata awiri, Minh Le ndi Jess Cliffe, ndipo kampani ya Valve, eni ake a Half-Life, inawalemba ntchito. Dota inabadwira m'kati mwa Warcraft III. Ngakhale PUBG imene ana a mlongo wako amalimbirana pafoni, mwini maganizo ake Brendan Greene wa ku Ireland anayamba n'kusinthasintha gemu ya asilikali ya Arma 2, gemu yakeyake isanatuluke mu 2017.

Mayina amenewa ndakulembera kuti udziwe kuti njirayi anthu anadutsamo, osati kuti uyembekezere kuti nawe akuitana ku America. Anthu amene anapanga mamodi ndi ankhaninkhani, ndipo ambiri mwa iwo palibe kampani ya magemu inawaitana. Chimene ndikufuna uone ndi chakuti onsewo amene anatchuka anamaliza chinthu, nachipereka kwa anthu kuti asewere, anthu nadandaula, iwo nakonza. Amene amayamba zinthu khumi osamaliza ngakhale chimodzi sitiwamva.

Tsono sankha bwino gemu yoyambira, chifukwa pamenepo ndi pamene pagona yankho la funso lako. Gemu iliyonse ili ndi chiyankhulo chimene amalembera malamulo ake. Skyrim, yomwe inatuluka mu 2011, ili ndi mamodi ochuluka zedi, ndipo eni ake anapereka chida chosinthira chotchedwa Creation Kit. Koma chiyankhulo chake, Papyrus, chimagwira ntchito m'magemu a kampani ya Bethesda basi. Ukachidziwa pamtima, wadziwa lamba wa kaseti. Sindikuti n'chopanda phindu, popeza kaganizidwe koti ngati chachitika chakuti, pachitike chakuti, n'kamodzi m'ziyankhulo zonse za kompyuta. Koma ofesi ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre sidzakufunsa za Papyrus. Pamene mamodi a Minecraft ya pakompyuta amalembedwa mu Java, chiyankhulo chimene chimayendetsa mapulogalamu ambiri a m'mabanki ndi a mafoni a Android. A Stardew Valley amalembedwa mu C#, chomwenso amagwiritsa ntchito mu Unity, chida chopangira magemu, ndi m'mapulogalamu a m'maofesi. Kumeneko thukuta lako silipita pachabe.

Ukandifunsa ine, ndi laputopu yako ija imene ndinaikonza kawiri, ndinganene kuti yamba ndi Luanti, imene kale inkatchedwa Minetest. Ndi yaulere, siidya bandulo yambiri poitsitsa, imayenda pamakina ofooka, ndipo anaipanga dala kuti anthu aziisintha. Chiyankhulo chake ndi Lua, chopepuka kuphunzira, chimene chimapezekanso m'magemu ena ambiri. Modi yake ndi foda chabe yokhala ndi fayilo yotchedwa init.lua ndi tizithunzi ting'onoting'ono. Ukhoza kutsegula modi ya munthu wina n'kuiwerenga mzere ndi mzere ngati kalata. Chita chimenecho poyamba. Tenga modi yaing'ono imene ikugwira ntchito, sintha nambala imodzi, yatsa gemu, ona chasintha. Kenaka iononge dala, uwerenge uthenga umene kompyuta ikutulutsa podandaula. Uthenga umenewo achinyamata ambiri amautseka msanga osauwerenga, chonsecho ndi umene umatchula fayilo ndi mzere pamene pavuta. Ndi mita yako yoyezera moto imeneyo. Munthu amene waphunzira kuuwerenga modekha waphunzira theka la ntchito ya mapulogalamu, ndipo luso limenelo ndi limene ndikutsimikiza kuti udzapita nalo kulikonse.

Modi yako yoyamba ikhale yaing'ono. Ikamo njerwa yootcha ya kuno kwathu, kapena chigumu choti munthu wa m'gemu akadya azipeza mphamvu. Sabata imodzi kapena ziwiri, yatha, ikuyenda. Ndikukudziwa, mwana wanga, kuyambira uli wamng'ono umafuna kuyamba ndi denga. Udzafuna kumanga mzinda wonse wa Zomba mwezi woyamba, ndipo ukatero udzatopa n'kusiya. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali zida ziwiri zimene ndikufuna uziphunzire ngakhale zikuoneka ngati zikukuchedwetsa. Choyamba ndi Git. Imasunga mbiri ya kusintha kulikonse kumene wapanga, moti ukaononga umabwerera pamene zinthu zinali bwino. Kuno kwathu kumene magetsi amatha kuzima uli pakati pa ntchito, ndipo laputopu ikhoza kubedwa m'minibasi, ntchito yosungidwa malo amodzi ndi yotayika kale. Ika zako pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo ntchito za Git, zinanso pafulashi. Phindu lake lina ndi lakuti anthu olemba ntchito za mapulogalamu amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku lina ukadzafunsira ntchito udzakhala ndi chooneka choti uwalozere: ichi ndinapanga ine, apa chinavuta, apa ndinakonza. Ine kasitomala sanandifunsepo satifiketi, amafuna amve wailesi ikulira. Chachiwiri ndi Blender, ngati mtima wako uli kuzojambula koposa kukhodi, ndiko kulemba malamulo a kompyuta. Nayonso ndi yaulere. Amene amaumba nayo galimoto ya m'gemu akhoza kuumba nayo chithunzi cha nyumba isanamangidwe, kapena katundu wa pa malonda otsatsa. Koma usagwire zonse pakamodzi. Yesa mbali zonse pang'ono, uone kumene dzanja lako likupepukira, ukhazikike kumeneko.

Ndikuuzenso chimene modi sidzakuphunzitsa, kuti usadzinamize. Wosintha gemu amalowa m'nyumba yomanga kale, maziko alipo, denga lilipo, iye akungogumula khoma n'kuika windo. Kumanga pulogalamu kuchokera pansi ndi ntchito ina, imafuna kudziwa kuyala maziko, ndipo magemu amafunanso masamu. Ine ndakonza mawailesi osawerengeka koma sindinapangepo wailesi yanga. Tsiku limene udzafune kupanga chako, udzayenera kukhalanso pansi ngati mwana wa sukulu, kaya ndi Godot, chida chaulere chopangira magemu, kaya ndi maphunziro enieni. Kusiyana kwake n'kwakuti udzalowa m'kalasimo uli ndi mafunso ako kale, ndipo wophunzira wotere amamva msanga. Anyamata a ku Chanco amene amabweretsa malaputopu awo pabenchi langa ndimawasiyanitsa pomwepo: amene anatsegulapo chinthu amafotokoza vuto bwino, amene sanatsegulepo amangoti yangofa.

Za ndalama usayembekezere msanga. Gemu ili ndi eni ake, ndipo makampani ambiri amalola modi pokhapokha ukuipereka ulere. Mu 2015 Valve ndi Bethesda anayesa zogulitsa mamodi a Skyrim pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, osewera anakwiya kwambiri, ndipo pasanathe sabata anazisiya. Werenga malamulo a gemu iliyonse usanatulutse kanthu, ndipo ukabwereka chithunzi kapena khodi ya munthu wina, ona ngati analoleza, umutchulenso dzina. Zija zobera anzako m'magemu a pa intaneti, zoti uziona kuseri kwa khoma kapena chipolopolo chako chisaphonye, usazikhudze. Amakutsekera akaunti, ndipo dzina lako limaipa pakati pa anthu omwe ukanaphunzirako. Chenjeranso ndi masamba olonjeza magemu odula mwaulere. Malaputopu ambiri amene amafika kwa ine ali ndi mavayirasi anadwalira kumeneko. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsitsa zinthu pamalo odziwika monga Nexus Mods, Steam Workshop, kapena m'kati mwa Luanti momwemo.

Ntchito yako usasiye. Pali amene adzakuuze kuti mapanga awiri avumbwitsa, usankhe chimodzi. Koma phanga lako ndi limodzi, ndi ntchito imene ikukulipirira lendi. Modi ndi dimba lolima madzulo. Ika maola ake, mwina awiri ukaweruka ndi Loweruka m'mawa, ndipo uzigona nthawi yabwino. Udzisunge pa chinthu chimodzi ichi: n'kosavuta kunena kuti ndikuyesa modi yanga chonsecho wasewera mpaka tambala woyamba. Sabata ikatha udzifunse chimene wapanga chimene kunalibe Lolemba.

Chinthu chimene chandikhudza kwambiri poganizira nkhaniyi sindinakuuze pafoni. M'magemu onse amene ndaonapo ana akusewera, sindinaonemo kabaza, sindinaonemo minibasi ya ku Limbe, ngakhale bwato la ku Kachulu pa nyanja ya Chilwa. Munthu wa ku Ulaya sadzaika damu la Mulunguzi m'gemu chifukwa sanalionepo. Anyamata ena amaika kale mayunifolomu a Bullets ndi Wanderers m'magemu a mpira, ndipo uone mmene anzawo amakondwera akaona timu yawo pasikirini. Imeneyonso ndi modi, ngakhale iwo sadziwa kuti akuphunzira ntchito. Iwe ukhozanso kumasulira mawu a m'gemu m'Chichewa, kuti mwana wa ku Songani awerenge chiyankhulo chake pamene sanayembekezere kuchipeza. Njerwa ija ikatha, ndi chigumu chija, ganizira zimenezi. Pamenepo uli ndi chuma chimene anzako a kunja alibe.

Ukamafunsa kwa anthu odziwa pa intaneti, funsa ngati mmene ndinakuphunzitsira kufotokoza chinthu chofa: ndinachita chakuti, ndimayembekezera chakuti, chachitika ndi chakuti, uthenga wake ndi uwu. Ukafunsa chotero amakuyankha mwaulemu, ndipo Chingerezi chako cholemba chidzakula osazindikira.

Mayi ako ndawafotokozera kuti zili ngati mmene iwo amaphwasulira jekete la kaunjika kuti aone kasokedwe kake asanalichepetse. Amva, ngakhale akuti ufike adzaone ndi maso awo. Bwera pa tchuthi cha pa 6 Julaye ndi laputopuyo. Ndapeza RAM ina m'makina akufa amene mwini wake anandisiyira, ndikuganiza kuti ikwana mwako, ndipo ndidzaipukutanso fumbi kufani chifukwa unati ikutentha. Ubwere ndi njerwa yako ili m'gemu, ndidzaiike pakhoma ndi dzanja langa. Utengenso juzi, kuno kukuzizira kwambiri.

Mlongo wako akupereka moni, ndi ana onse.

Ndine bambo ako.