Kalata ya Abusa: Anawaperekeza Ndani?

Kwa akulu a mpingo, atumiki, amayi, abambo ndi achinyamata nonse, okondedwa anga mwa Ambuye,

Chisomo kwa inu ndi mtendere wochokera kwa Mulungu Atate wathu ndi Ambuye Yesu Khristu.

Nkhaniyi ndikanatha kuilengeza pa guwa, koma zolengeza zambiri zimathera pakhomo la tchalitchi. Ndasankha kulemba kuti muiwerenge modekha kunyumba, ndipo amene maso afooka muwawerengere. Mbali ina ikupwetekani. Mundipirire mpaka kumapeto.

Miyezi yapitayi mabanja ena a mumpingo muno akumana ndi zokhoma. Pakhomo pena mayi anadwala maganizo atangobereka, ana ake n'kutengedwa ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha ana kuti akasungidwe kwina. Pakhomo pena mwana wachinyamata anayesa kudzipha, ndipo mpaka pano akuyendera kuchipatala. Eni ake andilola kunena zimenezi popanda mayina. Amene wayamba kale kuwerengera pa zala kuti ndi a ndani, adziwe kuti kalatayi ndalembera iyeyo.

Onsewo ndinawafunsa funso limodzi: tsiku lomwe munaitanidwa ku ofesi, kubwalo la milandu, kuchipatala, anakuperekezani ndani? Yankho linali lofanana. Palibe. Agogo okalamba anapita okha kukasayina mapepala opanda wowawerengera, ndipo anabwerako osadziwa ngati avomera kuti adzukulu awo akakhale kumeneko mwezi umodzi kapena mpaka atakula. Bambo anakhala yekha pa benchi panja pa chipinda cha dokotala, n'kubwerera ndi mankhwala a mwana wake osadziwa kuti ndi a chiyani. “Pa chodzikanira changa choyamba panalibe mmodzi anandithangata, koma onse anandisiya” (2 Timoteo 4:16).

Tikanakhala kuti sitinamve, bwenzi ndikulankhula zina. Koma tinamva, tinamvanso msanga kuposa abale awo akutali. Nkhani zimenezi zayenda m'mapemphero a m'makomo, zayenda pa WhatsApp, zayenda pakhonde la tchalitchi nyimbo yotsekera isanazime n'komwe m'makutu. Ndipo zimayamba ndi mawu oyera: “Abale, tiwakumbukire a uje m'mapemphero. Kodi mwamva zomwe zachitika?” Pemphero mphindi imodzi, nkhaniyo ola lathunthu. Ena mwaikapo ndi zigamulo zanu: ati ndi ziwanda, ati pali tchimo lobisika, ati mayi wanji wolandidwa ana. Imeneyi ndi miseche, abale anga, ngakhale muitsekere ndi ameni. Musandiuze kuti munalibe nthawi yowaperekeza, chifukwa nthawi yopita kwa mnzanu kukafotokoza zonse mwatsatanetsatane munaipeza. Musandiuzenso kuti mumaopa kulowerera za eni, chifukwa pakamwa panu panalowerera kalekale. “Lilime ndilo moto” (Yakobo 3:6). Mayi uja chichitikireni zimenezi sanapondemo m'tchalitchi muno, ndipo sikuti wataya Mulungu. Akuthawa maso athu. “Rabi, anachimwa ndani, ameneyo, kapena atate wake ndi amake?” Yankho mukulidziwa: “Sanachimwa ameneyo, kapena atate wake ndi amake” (Yohane 9:2-3).

Musaganize kuti miseche imathera m'makutu. Ogwira ntchito yosamalira ana akamaunika ngati mwana angabwerere kwawo, china chomwe amayang'ana n'chakuti kholo lili ndi anthu olithandiza kapena ayi. Mayi amene ife tamusala amaoneka pamaso pawo ngati munthu wopanda aliyense. Kutalikira kwathu kumakalowa m'fayilo, ndipo kungachedwetse ana kubwerera kwa mayi awo.

Matenda a maganizo si achilendo monga timaganizira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa ana 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndipo pafupifupi theka la matendawa limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Werengani ana a Sande sukulu ndi a kwaya ya achinyamata, masamu ake muchite nokha. Bungwe lomwelo limati anthu opitirira 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo kudzipha kuli m'gulu la zinthu zomwe zikupha kwambiri anthu a zaka 15 mpaka 29. Eliya, mneneri wotsitsa moto kuchokera kumwamba, anakhala pansi pa mtengo napempha kuti afe. Tipemphere, inde, ndipo ine ndidzakhala woyamba kugwada. Koma “olimba safuna sing'anga, koma odwala ndiwo” (Marko 2:17). Mankhwala ambiri a matendawa amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira ntchito, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi kungabwezeretse matenda. Aliyense wa mumpingo uno amene adzauze wodwala kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, ndidzamuitana pamaso pa akulu a mpingo. Apa sindikunyengerera.

Anthu a m'maofesi ndi m'zipatala si adani athu. Ambiri ndi achifundo, ena ndi Akhristu anzathu, koma munthu mmodzi amasenza mafayilo oposa mphamvu zake ndipo banja amaliona mphindi zochepa chabe. M'mphindi zimenezo kholo lamantha, lamanyazi, losaona tulo, limangoti “chabwino” pa chilichonse, mafunso n'kudzawakumbukira lili panjira yobwerera. Koma banja lili ndi zoyenera kufunsa, ndipo si zopempha ngati chifundo. Mu 1989 bungwe la United Nations linakhazikitsa Pangano la Ufulu wa Ana, lomwe pafupifupi mayiko onse analivomereza. Ndime 9 imati mwana asalekanitsidwe ndi makolo ake iwo asakufuna, pokhapokha akuluakulu ovomerezeka ndi lamulo atagamula kuti n'zomukomera mwanayo, ndipo chigamulocho chikhale chotheka kuunikidwanso ndi bwalo la milandu. Imatinso mwana wolekanitsidwa aziloledwa kuonana ndi makolo ake, kupatula ngati kutero kungamuvulaze. Ndime 12 imati mwana amvedwe pa nkhani zomukhudza, molingana ndi msinkhu wake. Ndime 25 imati mwana woikidwa kwina kuti asamalidwe kapena alandire chithandizo, nkhani yake iziunikidwa nthawi ndi nthawi, asangoiwalidwa. Malangizo a United Nations a mu 2009 okhudza ana osungidwa kunja kwa banja lawo amanena mosabisa kuti umphawi pawokha usakhale chifukwa chochotsera mwana kwa makolo ake, ndiponso kuti ana a mimba imodzi asamwazidwe popanda chifukwa chomveka. Pangano la ufulu wa anthu olumala la mu 2006 nalo, m'ndime 23, limaletsa kulekanitsa mwana ndi makolo chifukwa chongoti mwanayo kapena kholo lili ndi ulumali, ndipo vuto la maganizo lokhalitsa likuwerengedwa pamenepo. Malamulo a dziko lililonse amasiyana kalembedwe, koma msana wake ndi umenewu. Mapangano onsewa ali pa mapepala. Sangayende okha kukalowa m'chipinda momwe agogo aja anakhala. “Tsegula pakamwa pako, ukanenere wosalankhula” (Miyambo 31:8).

Woperekeza si loya, si dokotala, ndipo sapita kukachita ndewu. Salanda pakamwa pa banja. Usiku woti mawa ndi ulendo amakhala nalo pansi n'kulemba mafunso pa pepala. Akafika amakhala pambali pa kholo, amalemba zonenedwa, dzina ndi udindo wa amene walankhula, ndi tsiku lobwereranso. Pakabwera pepala loti lisayinidwe, amapempha mwaulemu kuti liwerengedwe mokweza m'chilankhulo chomwe kholo likumva, n'kupemphanso kope lake. Ngati ndi nkhani ya ana otengedwa, amakumbutsa kholo kufunsa kuti wagamula ndani, ana akhala nthawi yaitali bwanji, nkhaniyi idzaunikidwanso liti, kukawaona n'kotheka liti, ndipo chomwe kholo lichite kuti anawo abwerere n'chiyani kwenikweni. Funso lina lomwe limaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndi lalikulu: kodi palibe wachibale wodalirika amene angasunge anawa pamodzi m'malo mowatumiza kunyumba zosungira ana? Ngati ndi kuchipatala, afunse dzina la mankhwala, kamwedwe kake, zovuta zomwe angabweretse, ngati pali uphungu kuwonjezera pa mankhwalawo, komanso kothamangira zinthu zikavuta usiku. Chigamulo chikaoneka chosalungama, afunse njira yodandaulira, aitsate mwa kulemba kalata, osati mwa kukalipa pakhomo la ofesi. Ndipo mwanayo ngati ndi wamkulu woti n'kulankhula, woperekeza aonetsetse kuti wafunsidwa. Akuluakulufe tili ndi chizolowezi chokambirana za mwana iye ali pomwepo ngati mpando.

Pano ndinene momveka kuti wina asandimve molakwa. Kuyimira banja sikubisa nkhanza. Alipo ana omwe amachotsedwa pakhomo chifukwa akumenyedwa, akugwiriridwa kapena akusiyidwa opanda chisamaliro, ndipo kuwachotsako ndiko kuwapulumutsa. Mwana akakuululirani zotere, musazitengere ku bwalo la mpingo kuti tikazithetse mwa ife tokha, ngakhale wochitayo akhale mkulu wa mpingo kapena wopereka chakhumi chochuluka. Kauzeni apolisi kapena a zachisamaliro cha ana tsiku lomwelo, ine mundidziwitse pambuyo pake. Pakasemphana zofuna za wamkulu ndi chitetezo cha mwana, mpingo uno uli kumbali ya mwana.

Makolo, mwana akayamba kudzipatula, kusagona, kugawa zinthu zake zomwe amazikonda, kapena kulankhula kuti bola kufa, musati ndi chibwana. Mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Nthawi zambiri kumamupatsa mpata wopuma. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani pafupi mankhwala, poizoni ndi china chilichonse chomwe angadzivulaze nacho, mupite naye kuchipatala. Dziwaninso kuti masabata oyamba munthu atatulutsidwa m'chipatala ndiwo oopsa kwambiri, nthawi yomwe tonse timati wachira n'kusiya kumuyendera.

Inu achinyamata, ana anga, sindikufuna muzidikira kuti zinthu zifike poipa. Khomo langa ndi lotsekula, ndipo zomwe mudzandiuze sizidzamveka pa guwa. Chokhacho chomwe sindingasunge ndi chinsinsi choika moyo wanu kapena wa wina pachiswe, ndipo pamenepo ndidzakuuzani kaye ndisanapite kwa wina. Mnzanu akakuuzani kuti akufuna kudzipha n'kukulumbiritsani kuti musaulule, ululani. Akwiye ali moyo. “Yehova ali pafupi ndi iwo a mtima wosweka” (Masalmo 34:18). Ndikukumbukiranso anzanu omwe akulira m'nyumba zosungira ana: akakwanitsa zaka 18 chithandizo chambiri chimatha, n'kutuluka opanda poyambira. Alipo otere amene amapemphera nafe. Amafuna wowathandiza kupeza ziphaso, sukulu, ntchito, ndi khomo loti azigogoda.

Tsopano ndikufuna anthu 10 oti akhale operekeza, amayi ndi abambo, pakhalenso achinyamata okhwima maganizo. Akhale odziwa kuwerenga ndi kulemba, otha kupeza nthawi mkati mwa sabata chifukwa maofesi sagwira ntchito Lamlungu, ndipo koposa zonse osunga pakamwa. Amene akudziwa kuti nkhani imamuyabwa, atithandize ndi pemphero ali kunyumba. Operekeza aziyenda awiriawiri, wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, ndipo sadzapita kwa banja lomwe silinawapemphe. Aliyense adzafunsidwa mbiri yake ndi akulu a mpingo. Amene anakhudzidwapo ndi mlandu wozunza ana asalembetse. Wopezeka ataulula za banja lomwe akuliperekeza adzachotsedwa tsiku lomwelo.

Perekani mayina kwa mlembi wa mpingo pofika Lamlungu likudzali. Loweruka lotsatira tidzakumana m'tchalitchi 2 koloko masana. Anamwino, aphunzitsi, aphungu ndi odziwa malamulo amene muli mumpingo muno, sindikukupemphani, ndikukuitanani: mubwere mudzatiphunzitse, mudzatiuzenso manambala a foni a thandizo la mwadzidzidzi kuti tiwamate pa bolodi la zolengeza. Lamlungu loyandikira 10 Okutobala, tsiku lokumbukira umoyo wa maganizo padziko lonse, mapemphero onse adzakhala a nkhani imeneyi, ndipo achinyamata ndiwo adzatsogolere.

Padzakhalanso chopereka chapadera Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, cha thiransipoti, fotokope ndi mayunitsi a foni a operekeza, komanso chothandizira makolo kukaona ana awo kumene akusungidwa. Chimenechi sichilowa m'malo mwa chakhumi. Msungichuma aziwerenga malipoti ake mwezi ndi mwezi popanda kutchula banja lililonse. Oyang'anira magulu athu a WhatsApp, kuyambira lero uthenga uliwonse wonena za matenda kapena mlandu wa munthu popanda chilolezo chake muziufufuta, wolembayo mumutumize kwa ine.

“Nyamuliranani zothodwetsa, ndipo kotero mufitse chilamulo cha Khristu” (Agalatiya 6:2).

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani.

Ine mbusa wanu.

Amene muli ndi galimoto kapena njinga yamoto ndipo mungaipereke tsiku limodzi pa mwezi, lembetsaninso kwa mlembi, mutchule tsiku lomwe mumapezeka. Odzabwera Loweruka atenge kope ndi cholembera.