Ukuti munthu alibe nzeru?

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza zonse, ndipo usamukalipire. Akuti malipiro ako athera kubetcha mpira, ndipo atakufunsa unayankha kuti akatswiri a maganizo anapeza kale kuti munthu sasankha mwanzeru, ndiye mlandu si wako. Tulo sindinatione usiku umenewo.

Usaganize kuti wowerenga ndiwe wekha. Anthu akowo ndikuwadziwa. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky analemba mu 1974 kuti ankazungulitsa gudumu la manambala loima pa 10 kapena pa 65, kenako n'kufunsa anthu kuti pa mayiko 100 alionse a mu United Nations, a mu Africa ndi angati. Oona 10 ankati 25, oona 65 ankati 45. Nambala yopanda pake inawakoka, sindikukana. Koma tandiuza, awiriwo anazindikira ndi chiyani kuti anthu alakwitsa? Si mutu ngati wakowo?

Nanga za funso la makadi anayi la Peter Wason lija, losankha makadi oti utembenuze kuti uone ngati lamulo laswedwa, limene ambiri amalephera, unawerenga mpaka kumapeto? Mu 1982 ena anasintha funso lomwelo n'kukhala logwira mwana wakumwa mowa zaka zisanakwane, ndipo ambiri anakhoza. Zandikumbutsa iwe uli ndi zaka 6, utagwira mkulu wako akukubera pa masewera. Kuwerenga usanakudziwe bwino, koma unalira mpaka anavomera. Mutu umenewo lero ukuti sugwira ntchito?

Chimene chikundiopsa si ndalama zapitazo ayi. Ndi mawuwo. Munthu akati "ndi mmene tinalengedwera", amakhala wadzipatsa kale chilolezo cha mawa. Ukaluza kasanu mtima umakunong'oneza kuti ulendo wachisanu ndi chimodzi ndi wako. Bodza limenelo akatswiri omwewo analifotokoza, ndipo eni njuga amalidziwa kuposa iwe. Anakulozera pamene pali dzenje, iwe n'kulumphiramo uku ukutchula mayina awo!

Ndakalipa, koma ukudziwa mtima wanga. Ukudya mokwanira? Mawu ako pa foni tsiku lija anali ofooka.

Chotsa zobetcherazo m'foni lero, osati mawa. Lero. Ndalama zikalowa, zina uzitumiza kwa mlongo wako akusungire dzuwa lisanalowe, mtima usanayambe kunong'ona. Lendi ya mwezi uno ndilipira ndekha kwa eni nyumba, siidzera m'manja mwako. Bambo ako sindinawauze, udzawauza wekha. Undiimbire Lamlungu madzulo.

Ine mayi ako