Lipoti la msonkhano wa amisiri opaka penti ku Salima

A Tcheyamani, akomiti ndi amisiri anzanga nonse kuno ku Nkhotakota, zikomo pondituma. Ndinayenda bwino, ndipo malisiti a ulendo ndapereka kale kwa amsungichuma athu. Msonkhano unali wa masiku awiri pa Kamuzu Road, ndipo ambiri tinali a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chipoka ndi Senga Bay mpaka ku Dwangwa.

Munandituma ndi funso limodzi: n'chifukwa chiyani penti wathu amamatuka chaka chisanathe? Ife timaloza chala sitolo, eni nyumba amaloza ife. Yankho lomwe ndabwera nalo ndi lowawa pang'ono. Nthawi zambiri vuto limakhala khoma lomwe tapaka lisanaume.

Pulasitala watsopano amafuna masiku osachepera 28, ndipo nthawi ya dzinja amafuna oposa pamenepo. Khoma limatha kuoneka louma kunja koma m'kati muli madzi. Madziwo potuluka amanyamula mchere wa mu simenti ndi njerwa, ndiye ufa woyera uja timauona m'munsi mwa makoma, ndipo amatukula penti n'kuchita matuza. Mphunzitsi anatitengera kuseri kwa holo komwe kunali chipinda chomangidwa kumene. Madzulo anamata pepala la pulasitiki pakhoma, n'kutseka mbali zonse zinayi ndi tepi. M'mawa titabwerera, kunsi kwa pepalalo kunali timadontho ta madzi ngati thukuta, ndipo malowo anali atada. Khoma lomwelo ine ndinaligwira dzulo lake n'kunena kuti lauma.

Pamenepo ndinakumbukira golosale ina yomwe ndinapaka chaka chatha. Mwini wake ankafuna kutsegula Khirisimasi isanafike, pulasitala ali ndi sabata imodzi yokha. Ndinavomera chifukwa ndinkafuna ndalama ya feteleza. Pofika Malichi penti anali akusendeka ndi chikhadabo, ndipo mpaka lero bambowo sandipatsa moni. Zimandipweteka chifukwa ndinadziwa, koma ndinaopa kukana.

Khoma likauma, koti yoyamba ikhale pulaima wa pulasitala, uja wopirira ukali wa simenti. Ambiri a ife timangosungunula PVA, penti wa madzi wamba uja, ndi madzi ambiri n'kumati ndi pulaima. Si pulaima ameneyo. Ndipo ngati chinyezi chikukwera kuchokera pansi chifukwa omanga sanayale pepala lakuda pa fandeshoni, palibe penti amene angachize. Mwini nyumba tizimuuza zoona tisanatsegule ndowa.

Za kasankhidwe sindichulukitsa, poti zambiri mukuzidziwa. Penti wa madzi ndi wa makoma ndi siling'i, wa mafuta ndi wa zitseko, mafelemu ndi zitsulo. Malo ogwiridwagwiridwa monga lesitilanti, kalasi kapena chipinda chodikirira odwala amafuna penti wochapika, osati PVA wotsika mtengo amene amatsalira pa malaya ukatsamira. Chitsulo chakuda chimayamba ndi kupalidwa dzimbiri, kenako red oxide, pulaima wofiira uja woteteza ku dzimbiri. Koma malata atsopano onyezimira red oxide sagwira bwino, ali ndi pulaima wakewake. Khoma lakale la laimu lipalidwe kaye, apo ayi penti adzagwa pamodzi ndi laimuyo. Chuku cha m'bafa ndi kuseri kwa mawodilopu chichapidwe ndi Jik wosungunula, chiume, chifukwa mukangochikwirira chimatulukanso.

Anzathu a ku Senga Bay anawonjezera za nyengo ya kuno kunyanja zomwe sizilembedwa pa chitini. Mwera ukamaomba umamwaza mchenga pa penti wamuwisi. Dzuwa la Okutobala limaumitsa pamwamba pokha, choncho tizitsata mthunzi: kumadzulo kwa nyumba m'mawa, kum'mawa kwake masana akapendeka. Ndipo ukaona nkhungu, tizilombo touluka tija, zafuka pa nyanja ngati utsi, usayerekeze kupaka wa mafuta panja. Zimamatirira chitseko chonse, mawa lake n'kuyambiranso ndi sandipepa.

Tinachitanso masamu a kotesheni. Pa pulasitala wosalala lita imodzi imapaka masikweya mita pafupifupi 8 mpaka 10 pa koti imodzi. Chipinda cha mamita 4 kwa 3, chotalika mamita 3, makoma ake ndi masikweya mita 42. Kuchotsa chitseko ndi windo atsala cha m'ma 38, makoti awiri ndi 76, ndiye malita 10 akwana. Tikamawerenga chonchi pamaso pa kasitomala, nkhani yoti tikumubera penti idzachepa, ndipo ifenso tidzasiya kuthira madzi mu ndowa kuti ifike kumapeto.

Nkhani yomwe inatikhazika chete ndi ya mtovu. Penti wina wa mafuta, makamaka wachikasu ndi wofiira, amatha kukhala ndi mtovu. Akakalamba n'kumanyenyeka, fumbi lake limalowa m'kamwa mwa ana okwawa, ndipo mtovu umaononga ubongo wa mwana mosabwezeka. Malire a mtovu mu penti omwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa ndi 90 ppm, kutanthauza magawo 90 pa miliyoni iliyonse. Ife ndi amene timapaka zipata, mabenchi ndi makatungwe a ku sukulu za mkaka. Tizigula penti wokhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, tipewe wopungulira m'mabotolo wopanda dzina. Popala penti wakale tizinyowetsa kaye, titseke mphuno, ana akhale kutali, ndipo ovolosi isachapidwire limodzi ndi zovala zawo. Zitini za penti wa mafuta tisamapatsenso amayi kuti azisungiramo mchere kapena madzi akumwa.

Pempho langa ku gulu ndi ili, ndipo ndikufuna likambidwe pa mkumano ukubwerawu. Tigwirizane kuti pa kotesheni iliyonse pazilembedwa kuti sitipaka pulasitala wosakwana masiku 28, ndipo mmodzi akakana ntchito pa chifukwa chimenechi, wina wa ife asakaitenge kumbali. Mmisiri mmodzi payekha sangalimbe, chifukwa mwini nyumba amangoitana mnzake. Ndidzabwera ndi pepala la pulasitiki ndi tepi. A Tcheyamani, tipezereni khoma lomwe lapakidwa pulasitala sabata ino kuti aliyense adzaone ndi maso ake.