Achimwene, musataye mankhwalawo

Achimwene,

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumvetsera katatu. Kuyankha ndi mawu pafoni ndalephera, chifukwa zina mwa zimene ndikufuna kukuuzani nzochititsa manyazi, ndipo papepala munthu amalimbako mtima. Ndalemba pamanja, mtsikana wathu wamkulu uja ndiye atayipe n'kukutumizirani.

Kuno ku Mangochi tilipo, kaya inu ku Joni kumeneko. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa, anthu akugona panja pamphasa, ndipo ana sakuchoka kunyanja. Alamu anu akupereka moni.

Mwanena kuti abusa a kumene mukupemphera tsopano akuuzani kuti BP yanuyo ndi chizindikiro cha tchimo lobisika, ndiponso kuti kumwa mapiritsi n'kukayikira Mulungu. Mwafunsa ine chifukwa mumandidziwa ngati munthu wa pemphero. Achimwene, mawu amenewo ine ndinawalalikirapo, ndi pakamwa panga pomwepa. Lero ndikuyenda ndi zala zitatu kuphazi lakumanzere. Simunamve chifukwa ndinaletsa apabanja kukuuzani.

Ndiyambe ndi kumene zinayambira. Mukudziwa kuti chiyambire ukulu wa mpingo ndinali ndisanagonepo m'chipatala. Malungo ankagwetsa nyumba yonse, ine n'kundilambalala. Nthawi ya kolera ija ya 2022 ndi 2023, imene inavuta kwambiri m'mbali mwa nyanja muno, ndinkayenda m'midzi kupepesa maliro, osamva ngakhale m'mimba kupotokola. Pang'onopang'ono ndinayamba kuwerenga thanzi langa ngati malipiro. Ndimasala kudya masiku atatu, ndimadzuka usiku kupemphera, chakhumi sindidumphitsa, ndiye matenda andipeza bwanji? Sindinaimepo pamaso pa anthu n'kunena kuti ndine woyera kuposa iwo. Kudzikuza kwauzimu sikulankhula choncho. Kumabwera kutavala zovala za umboni: "Abale, ndikuthokoza Mulungu kuti ine zaka zonsezi sindinamwepo piritsi." Anthu n'kumayankha ameni. Ndili gone m'chipatala ndi pamene ndinaona kuti Mfarisi wa pa Luka 18 uja nayenso anayamba pemphero lake ndi kuthokoza. Anathokoza Mulungu kuti iye sali monga anthu ena, kenaka n'kuwerengetsa kusala kwake kawiri pa sabata ndi chakhumi chake. Ndime imeneyo ndinailalikira kangapo, ndipo nthawi zonse ndinkaona nkhope za anthu ena.

Pali mayi wina wachikulire wa Mvano mu mpingo mwathu, mwina mungawakumbukire, amene nyamakazi inawapinda miyendo zaka zambiri zapitazo. Tsiku lina tinapita kukawaona, ife akulu a mpingo atatu. Titatha kupemphera ndinawauza kuti, "Amayi, fufuzani mtima wanu. Mulungu sangasunge mwana wake pamphasa zaka zonsezi popanda chifukwa." Iwo anangoti, "Zikomo abambo," n'kutuma mdzukulu wawo kuti atipatse mtedza m'kathumba. Ndinatuluka m'nyumba muja ndikudziona ngati ndagwira ntchito ya Ambuye.

Chaka chatha ndinayamba kumva ludzu losatha. Usiku kutuluka panja kasanu, thupi kumangotsika mpaka lamba ndinamubowola kawiri, mapazi kuchita dzanzi. Mayi a kunyumba anati tiyeni kuchipatala, ine ndinati iyi ndi nkhondo yauzimu, n'kuwonjezera masiku osala kudya. Kenaka m'mawa wina ndili kudoko kukagula usipa, ndinaponda munga wa nkholokolo ndili chosavala nsapato. Sindinamve kanthu chifukwa cha dzanzi lija, magazi ndinangowaona nditafika kunyumba. Kachilonda kake kanali kakang'ono ngati njere ya chimanga. Patatha masabata atatu phazi linali litatupa, zala ziwiri zitada bii. Ndinkalikulunga nsalu, kulikanikizira mu nsapato, n'kukaima kutsogolo Lamulungu kunena kuti ndachira mwa chikhulupiriro.

Apa ndikufuna mundimvetse bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Chimene chinkandiletsa kupita kuchipatala sichinali chikhulupiriro. Ndinkaopa benchi ija ya pamzere. Ndinkadziona nditakhala pamenepo, kabuku ka kuchipatala kali m'manja, moyang'anizana ndi anthu omwewo amene ndinkawauza kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa. Ndinalolera kuti phazi liwole kusiyana n'kuti mbiri yanga iwonongeke, ndipo zonsezo ndinkazitcha kudalira Mulungu. Mtima wa munthu, achimwene!

Amene anandichotsa m'nyumba ndi mnansi wathu wachisilamu uja wa njinga yamoto. Fungo linali litayamba kumveka pakhonde. Anabwera m'mamawa akuchokera kumzikiti, anaimika njinga pakhomo, n'kunena mawu amodzi okha: "Kwerani." Sanandifunse za chiphunzitso changa. Ndinakwera. Akuluakulu sananame kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Kuchipatala anapeza kuti ndi matenda a shuga, ndipo anali atakwera kwambiri. Zala ziwiri zija anadula. Adokotala anandiuza mosabisa kuti ndikanachedwanso, nkhani ikanakhala ya mwendo. Ndinagona mu wodi pafupifupi mwezi, mayi a kunyumba ali gadiyani, akugona pansi pambali pa bedi, ndipo sananenepo ngakhale kamodzi kuti "paja ndinkakuuzani". Zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira.

Tsiku lotuluka anabwera anesi, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga, n'kundiyalira malamulo. Jakisoni wa insulini muzidzibaya nokha m'mawa ndi madzulo. Kabotolo kake muzikasunga pozizira, ngati mulibe firiji ndiye mu mtsuko wadothi. Tiyi wopanda shuga. Nsima muchepetse, masamba muchulutse. Musayendenso chosavala nsapato, ndipo usiku uliwonse muziyang'ana mapazi ngati pali bala. Zonsezo ndinangogwedeza mutu. Koma atanena kuti kusala kudya masiku atatu kuja ndisiye, chifukwa munthu wobaya insulini akapanda kudya shuga amatsika mpaka kukomoka, mtima wanga unanyamuka. Kamwana aka kandiuze za kusala kudya? Ine?

Usiku womwewo ndinatsegula 2 Mafumu 5, nkhani ya Namani, ndipo ndinaiwerenga ngati sindinaimvepo. Kazembe wamkulu wa nkhondo wa ku Aramu, munthu wolemekezeka, koma wakhate. Amene anamuuza kumene kuli thandizo anali kamtsikana kogwidwa ku nkhondo, kantchito ka mkazi wake. Iye ananyamuka ndi matalente 10 a siliva, masekeli 6,000 a golide ndi zovala 10, wokonzeka kugula machiritso pa mtengo woyenera ulemu wake. Elisa sanatuluke n'komwe m'nyumba. Anangotuma munthu kukamuuza kuti akasambe mu Yordano kasanu ndi kawiri. Namani anapsa mtima. Iye ankayembekezera kuti mneneri atuluka, aima, aitana dzina la Mulungu wake, ayendetsa dzanja pamwamba pa nthendayo. Ndipo Yordano ndi chiyani poyerekeza ndi mitsinje ya kwawo ku Damasiko? Anyamata ake ndiwo anamubweza ndi funso limene linandilasa ine pabedi paja: mneneri akanakuuzani chinthu chachikulu, simukanachita kodi?

Ndikanachita, achimwene. Akanati kwerani phiri mukakhale masiku 7 osadya, ndikanakwera ndi phazi lomwelo, chifukwa potsika anthu akanati onani munthu wa Mulungu. Chinthu chachikulu chimasiyira munthu poimira. Koma kudzibaya jakisoni pamimba, kumwa tiyi wozizira mkamwa, kuwerama usiku kuyang'ana pakati pa zala ngati mwana, pamenepo palibe amene angakuyimbire m'manja. Ndinkalalikira kuti kumvera kuposa nsembe, mawu a Samueli kwa Sauli aja, koma nsembe ndinkazikonda chifukwa ndinkasankha ndekha. Kumvera amakusankhira ndi wina, ndipo kawirikawiri uthenga wake umadzera mwa munthu amene umamuona ngati wamng'ono.

Komabe nkhani ya Namani ndi yanga zimasiyana pamapeto, ndipo sindikufuna kukunamizani. Iye anavuuka m'madzi khungu lili see ngati la kamwana. Ine zala sizinamerenso, shuga akadalipo, ndipo pali masiku amene mapazi amayaka moto usiku wonse. Ndamvera, koma sindinachire. Kwa miyezi ingapo zimenezi zinandisautsa kuposa chilonda, chifukwa mumtima ndinali ndikuwerengerabe malipiro: poti tsopano ndadzichepetsa, Mulungu andibwezere thanzi.

Amene anandithandiza pamenepa ndi Paulo. Pa 2 Akorinto 12 akunena za munga m'thupi mwake, ndipo akufotokoza yekha chifukwa chake, kuti angadzikweze koposa chifukwa cha mavumbulutso amene analandira. Anapempha katatu kuti uchoke. Yankho linali lakuti chisomo cha Ambuye chikumukwanira, pakuti mphamvu yawo imaonekera mokwanira m'kufooka. Munthu ameneyu anachiritsapo ena, koma Trofimo anamusiya akudwala ku Mileto, ndipo Timoteo anamulangiza kuti azimwako vinyo pang'ono chifukwa cha m'mimba mwake ndi kudwaladwala kwake. Sanamulembere kuti afufuze tchimo lobisika. Luka amene ankayenda naye anamutcha sing'anga wokondedwa. Kodi abusa anuwo ndime zimenezi amazidumpha bwanji? Ndikufunsa, koma yankho ndikulidziwa, chifukwa inenso ndinkazidumpha.

Mukukumbukira ulendo wa achinyamata uja tinapita ku Cape Maclear, titaima pa manda a amishoni? Amishoni oyamba anafika mu 1875 pa sitima ya Ilala, Dr Robert Laws ali m'gululo, kudzayambitsa mishoni ya Livingstonia. Malungo anawasautsa kwambiri. Dr William Black, amene anali dokotala, anamwalira komweko mu 1877. Pofika 1881 anali atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe, ndipo chaka chomwecho anasamukira ku Bandawe. Tikati tiyeze chikhulupiriro ndi thanzi la thupi, ndiye kuti amene agona pamenepo analibe chikhulupiriro, ine amene sindinkadwala malungo ndiye ndinali nacho. Tsiku lija ndinajambulitsa chithunzi pa mandapo, koma sindinamve zimene mandawo ankanena.

Ndipo pamwamba pa onsewa pali Ambuye Yesu mwini. Kalata ya kwa Ahebri 5:8 ikuti ngakhale anali Mwana, anaphunzira kumvera kudzera m'zowawa zimene anamva. Mawu amenewa sindinawafike pansi, ndipo sindikuyesa kuwafotokoza. Ndimangodziwa kuti ku Getsemane anapempha kuti chikho chimupitirire, chikho sichinamupitirire, ndipo palibe amene anganene kuti chikhulupiriro chake chinali chochepa.

Nditayamba kuyenda ndi ndodo, ulendo wanga woyamba unali wa kwa mayi a nyamakazi aja. Ndinagwada movutikira, n'kupepesa. Anandiuza kuti mawu anga aja anawaliritsa sabata yathunthu. Anafufuzadi mtima wawo monga ndinanenera, machimo anawapeza, analapa onse amene anakumbukira, koma miyendo inakhala chipindikirebe. "Ndiye ndinaona kuti Mulungu wandikhululukira koma sanandidzutse," anatero, "ndinati basi, ziwirizi nzosiyana." Ndinawafunsa ngati anasiya kupempha machiritso. Anati ayi, amapempha m'mawa uliwonse, ndipo dzuwa likakwera miyendo ili chomwecho, amaitanitsa lichero n'kuyamba kusenda mtedza. Kenaka anayamba kundiphunzitsa za usiku: kuti ululu ukakula tambala asanalire ndisamalimbane nawo, ndizingotchula mayina a odwala ena mmodzimmodzi pamaso pa Mulungu mpaka tulo titabwera. Anati dzina langa analiika kale pa mndandanda wawo kuyambira tsiku limene anamva kuti ndagonekedwa. Ku buku la Yobu, Mulungu anakwiyira Elifazi ndi anzake awiri chifukwa sananene zoona za Iye, ndipo amene anawapempherera ndi Yobu yemwe ankamuweruzayo. Zinandichitikira chimodzimodzi pakhonde la mayi aja.

Musaganize kuti ndasiya kukhulupirira kuti Mulungu amachiritsa. Akulu a mpingo anabwera kudzandipempherera monga akunenera Yakobo 5:14, ndipo ndinalandira ndi mtima wonse. Kwa odwala ndimapitabe, koma masiku ano ndimakhala pansi kaye, kufunsa ngati adya, ngati mankhwala alipo, ngati pali wowaperekeza kuchipatala. Ndikuuzeninso kuti kudzikuza kuja sikunafe. Ndimakupeza kukubwerera pa khomo lina, kukundinong'oneza kuti tsopano ndine wozama kuposa amene sanavutikepo. Ndikakumva ndimalapanso, ndipo ndikupempha kuti muzindipempherera pa chimenechi kuposa pa phazi.

Tsono inu achimwene, BP ndi yoopsa chifukwa nthawi zambiri sipweteka. Munthu amadziona ngati ali bwino mpaka tsiku limene sitiroko yamugwetsa, ndipo inu muli kutali, m'chipinda cha lendi, alamu ndi ana ali kuno. Mapiritsi amene mwati mwawaika pansi pa sutikesi aja atulutseni, ndipo sabata ino mupite kukiliniki akakuyezeni, mukawauze masiku amene mwakhala osamwa. Abusawo musakangane nawo. Apatseni ulemu wawo, koma afunseni modekha za Trofimo ndi Timoteo, mumve zimene ayankhe. Ngati pali tchimo limene mtima wanu ukukutsutsani nalo, lapani lero lomwe, chifukwa tchimo n'lofunika kulapa kaya munthu akudwala kaya ali bwino. Mukatero mumwe mankhwalawo ndi kuthokoza, monga mumathokozera pa nsima.

Mukabwerako kukiliniki mundiimbire, ndikufuna kumva manambala ake. Ndipo ngati ulendo wa Khirisimasi uja ulipobe, mundiyang'anireko nsapato zofewa, zotakasuka kutsogolo, saizi 9. Kuno ndasowa zoti phazili likwanemo bwino. Ndalama yake ndikupatsani mukafika.

Ine mbale wanu mwa Ambuye,
ku Mangochi