Kwa mwana wanga wa ku Joni, za ntchito yako ya makamera

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tonse tili bwino, kupatula bondo la mayi ako lomwe layambanso kuvuta ndi chisanuchi. Uthenga wako wa ntchito yatsopano watikondweretsa kwambiri. Pa foni paja sindinathe kunena zonse, mayunitsi amathamanga kuposa maganizo a nkhalamba, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe.

Ngati ndinamva bwino, kampani yanu imalumikiza makamera a m'misewu ya Johannesburg ku makompyuta owerenga manambala a galimoto ndi kuzindikira nkhope za anthu, ndipo iwe uli m'gulu la olemba mapulogalamu ake. Cholinga n'kugwira mbava ndi zigawenga. Zimenezo sindikutsutsa, ndikudziwa mantha amene anthu amagona nawo kumeneko kuseri kwa mipanda ya magetsi. Sindikunenanso kuti usiye ntchito, ayi. Ndikufuna uwerenge mabuku aja ndinkakukakamiza uli ku sekondale iwe n'kumati ndi nthano za azungu akalekale, chifukwa anthu amene nkhani zake zimazungulirapo ndi a ntchito yonga yakoyo.

Anthu akamakamba za mabuku amenewa amathamangira kutchula wolamulira wankhanza. Koma ukawerenga mofatsa upeza kuti wolamulirayo saoneka kawirikawiri. Amene timayenda naye tsamba ndi tsamba ndi injiniya, kalaliki wa mu ofesi, wogwira ntchito m'labotale, anthu olandira malipiro pa mwezi, odziwa ntchito yawo, ambiri a iwo a mtima wabwino ndithu.

Yamba ndi la Yevgeny Zamyatin lotchedwa We. Iyeyu anali injiniya wa sitima za pamadzi wa ku Russia, ndipo analilemba mu 1920 ndi 1921. Kwawo analikana, linayamba kutuluka m'Chingerezi ku New York mu 1924, ndipo anthu a ku Soviet Union analiona litasindikizidwa kwawo mu 1988, mwini wake atamwalira kalekale ku Paris mu 1937. Wofotokoza nkhaniyo alibe dzina, ali ndi nambala chabe, D-503, ndipo ndi katswiri wa masamu amene akumanga chombo chopita kuthambo. Mumzinda wawo nyumba zonse n'zagalasi, makoma ngakhale denga. Munthu amatsitsa makatani pokhapokha atalembetsa ndi kulandira tikiti yake. Onse amadzuka nthawi imodzi, kuyenda mondondozana anayi anayi, ndipo nthongo iliyonse amaitafuna maulendo 50 chifukwa ndi momwe malamulo anenera. Chondiopsa ine m'buku limeneli si magalasiwo. Ndi chimwemwe cha D-503. Iye saona kuti ali m'ndende. Amasilira kukongola kwa dongosololi monga momwe iwe umasangalalira pulogalamu yako ikayenda popanda chovuta, ndipo amawamvera chisoni makolo akale amene ankangoyenda ndi kudya aliyense nthawi yake. Kumapeto boma lipeza kuti chosokoneza anthu ndi kachigawo ka ubongo kamene kamachititsa munthu kuganizira zinthu zomwe palibe, ndipo likonza opaleshoni yochotsa kachigawoko. D-503 aichita, n'kupereka mkazi amene ankamukonda m'manja mwa boma, mtima uli zii.

La George Orwell, Nineteen Eighty-Four, ndi lomwe aliyense amalitchula ngakhale asanaliwerenge. Analimaliza akudwala chifuwa chachikulu pa chilumba cha Jura ku Scotland, linatuluka mu Juni 1949, ndipo iye anamwalira mu Januwale 1950 ali ndi zaka 46. Winston Smith ndi kalaliki. Ntchito yake n'kukonza nyuzipepala zakale kuti zigwirizane ndi zimene chipani chikunena lero, mapepala akalewo n'kuwaponya m'kabowo kopita ku ng'anjo. Ndipo Orwell sanabise kuti Winston amaikonda ntchitoyo ikakhala yovuta, amanyadira luso lake. M'chipinda chake muli kanema wa pakhoma amene amaonetsa komanso kuona, ndipo sazimitsika. Ufulu wonse wa Winston ndi kakona kamodzi kamene kanemayo safikako, komwe amakhala n'kumalemba m'kope.

Koma munthu amene sachoka m'mutu mwanga ndi mnansi wake, Parsons, mkulu wonenepa wa thukuta, wokonda chipani ndi mtima wonse, wotolera zopereka ndi kukonza zionetsero. Winston atamangidwa, akumana naye m'chitolokosi. Wamuneneza ndani? Mwana wake wamkazi wa zaka 7, amene anamvetsera pa kabowo ka kiyi bambo ake akubwebweta kutulo. Ndipo Parsons, ali m'chitolokosimo, akumunyadira mwanayo kuti analeredwa bwino.

Ife a m'badwo wathu sitinafunikire buku kuti timudziwe Parsons. Iwe unabadwa matipate atabwera kale, sunaone ayufi ataima pa chipata cha msika atavala malaya awo ofiira. Mayi afika ndi dengu la tomato pamutu, mwana kumsana, atula dengulo pansi, amasula mfundo ya pa nsonga ya chitenje, atulutsa khadi la chipani lokulungidwa m'kapepala ka shuga kuti lisanyowe ndi thukuta. Mnyamata woti angakhale mwana wake alitembenuza uku ndi uku, kuyang'ana chaka, ndiye n'kumulola. Wopanda khadi sankalowa mumsika, sankakwera basi. A Mboni za Yehova, amene anakana kugula khadilo, chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967 ndipo ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique nyumba zawo zitatenthedwa. Ife aphunzitsi tinkaloweza ana ngodya zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu, la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anakakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. M'chipinda cha aphunzitsi nkhani inkatha yokha munthu wina akalowa, wina n'kuyamba za mpira.

Komabe, mwana wanga, mvetsa apa, chifukwa ndi pamene pagona kalata yonseyi. Boma lija linali ndi mapepala ndi makutu a anthu basi. Mapepala amasochera, chiswe chimadya. Kazitape amatopa, amaledzera, nthawi zina amamva chisoni n'kuyang'ana kumbali. Mu 1992 maepiskopi a Katolika analemba kalata yawo ya nyengo ya Lenti, inasindikizidwa ku Balaka, makope 16,000, n'kugawidwa mwakachetechete m'maparishi kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndipo pa 8 Malichi inawerengedwa m'matchalitchi tsiku limodzi boma lisanatulukire. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, tinaponya voti ya riferendamu. Tsopano dzifunse wekha. Kukanakhala makamera ako pa msewu wa Balaka, owerenga nambala ya galimoto iliyonse yotuluka pa chipata chija n'kuisunga, foni ya wansembe aliyense ikulengeza pamene wafika, makope aja akanadutsa pa Liwonde? Chimene chinatipulumutsa ndi mipata imene boma silinkatha kutseka, ndipo ntchito imene akulipirira iwe ndi yotseka mipata yoteroyo.

Udzandiyankha kuti kumeneko kuli demokalase, kuli makhoti, kuli lamulo loteteza zinsinsi za anthu, ndipo makamerawo ndi a kampani, si a boma. N'zoona. Koma kaundula amakhalitsa kuposa amene anamulemba. Dziko la Netherlands linali ndi kaundula wa anthu wolongosoka kwambiri, wolembedwa ndi akalaliki abwino pa zifukwa zabwino, ndipo munalembedwanso chipembedzo cha munthu aliyense. Asilikali a Hitler atalowa mu 1940 anamupeza ali chikonzekere, ndipo mwa Ayuda anayi alionse a m'dzikomo atatu anaphedwa. Ku Rwanda zitupa zolembedwa mtundu wa munthu zinayamba ndi atsamunda a ku Belgium, ndipo mu 1994 ndi zomwe zinkafunsidwa pa zipata za m'misewu. Dziko limene ukukhalalo linayendetsa tsankho ndi chitupa, ndipo anthu 69 anafera chitupa chimenecho ku Sharpeville pa 21 Malichi 1960. Usaiwalenso kuti iweyo ndiwe mlendo kumeneko. Mu Meyi 2008 anthu oposa 60 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa obwera, ndipo Amalawi anzathu anabwerera pa mabasi atangonyamula zovala za m'thupi. Makina odziwa nkhope ya mbava amathanso kuphunzitsidwa kudziwa nkhope ya mlendo.

Aldous Huxley, amene anaphunzitsako Orwell Chifalansa pa sukulu ya Eton, anaona njira ina, ndipo mu 1949 anamulembera kalata wophunzira wake wakaleyo kumuuza kuti olamulira a m'tsogolo adzapeza kuti chikwapu n'chodula, chotchipa n'kuwachititsa anthu kukonda ukapolo wawo. M'buku lake la 1932, Brave New World, ana amapangidwa m'mabotolo, aliyense atasankhiridwa kale gulu lake ndi ntchito yake. Makanda a magulu apansi amawakwawitsa kupita ku maluwa ndi mabuku, akangogwira n'kuwaliza ndi mabelu ndi magetsi, kuti akule akudana nazo. Usiku mawu ojambulidwa amawanong'oneza ali m'tulo kuti gulu lawo ndiye labwino. Munthu akayamba kudandaula amameza piritsi la soma, nkhawa n'kutha. Palibe womenyedwa, palibe wanjala, ndipo palibe wofunsa. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ray Bradbury, mu Fahrenheit 451 ya 1953, anawonjezera mfundo imodzi yowawa: mkulu wa otentha mabuku akufotokoza kuti lamulo linabwera pambuyo, anthu anayamba okha kuleka kuwerenga. Mkazi wa Montag, wotentha mabuku amene timayenda naye m'nkhaniyo, amakhala tsiku lonse pakati pa makoma atatu a kanema, akulira la chinayi, m'makutu atatsekamo timawayilesi. Bradbury analemba zimenezo foni za m'manja kulibe. Ndikaona mdzukulu wanga pa vidiyo osadzutsa mutu kuti apereke moni kwa agogo ake, ndimangoti hmm. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mwa awiriwa, Orwell ndi Huxley, anthu amakonda kukangana kuti analosera molondola ndani. Ine ndimaona kuti mkanganowo ndi wa anthu amene sanakhalepo pansi pa ulamuliro wotere. Ife tinkavina ndi kuimba pa bwalo la Kamuzu, ena mokondwa ndithu, Mikuyu ili yodzaza. Ziwirizi zimayendera limodzi.

Tsono malangizo anga ndi awa, ndipo si ambiri. Mu ofesi mwanu mukamakonza chinthu chatsopano, funsa kuti zithunzi za anthu osalakwa zisungidwa masiku angati, ndipo ndani adzazifufute. Funsa kuti ndani angathe kufufuza nambala ya galimoto ya munthu, komanso ngati wofufuzayo amasiya dzina lake pamenepo, poti mlonda wansanje akhoza kulondola mkazi wake ndi makina omwewo. Funsa kuti munthu amene kompyuta yamunamizira akadandaule kuti. Zimenezi zimachitika. Kafukufuku wa Joy Buolamwini wa ku yunivesite ya MIT ku America mu 2018 anapeza kuti mapulogalamu ena ouza ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena mkazi ankalakwitsa pafupifupi kamodzi pa katatu pa akazi akuda, pamene pa amuna oyera sankalakwitsa n'kamodzi komwe pa 100. Mu Januwale 2020 apolisi a mumzinda wa Detroit ku America anamanga Robert Williams pakhomo pake ana ake akuona, n'kumusunga maola pafupifupi 30, chifukwa kompyuta inati nkhope yake ndi ya wakuba mawotchi. Nkhope zimenezo ndi zonga yako ndi yanga.

Ndikudziwa kuti kufunsa mafunso otere uli watsopano, mkazi, komanso wobwera, si chinthu chapafupi. Adzati ukuchedwetsa ntchito. M'buku la Zamyatin muli tsiku la chisankho limene anthu onse amakweza manja pamodzi poyera kuvomereza mtsogoleri yemweyo chaka ndi chaka, ndipo D-503 amanyadira kuti kwawo kulibe zovotera mobisa ngati akuba. Misonkhano ya mu ofesi yambiri imatha choncho, bwana akafunsa ngati pali wotsutsa. Sindikuti uzikangana ndi aliyense. Sankha pofunika, lankhula mwaulemu monga tinakulerera, ndipo chimene wakana uchilembe mu imelo kuti chikhale ndi deti. Sunganso kandalama pambali kokwanira miyezi ingapo, chifukwa munthu amene lendi ya mawa ili m'manja mwa bwana savuta kukweza dzanja.

Mabukuwo ndawapereka kwa msuweni wako amene akukwera basi Lachisanu likubwerali, pamodzi ndi ufa, usipa ndi nyemba zochokera kwa mayi ako. La Zamyatin linathothoka chikuto, ulimate. Ukadzaimba Lamlungu undiuze za masiku osungira zithunzi aja, ndikufuna kumva nambala yake. Mayi ako akuti upereke moni kwa bambo a kunyumba ndi mdzukulu wathu, ndipo akufunsa ngati mubwera pa Khirisimasi kuti adziwe za nkhuku.

Ndine bambo ako.