Ndikufuna kukaphunzira ku Germany, koma abale akuti History sidyetsa banja

Azakhali,

Ndine mphunzitsi wa History pa sekondale ina m'boma la Dowa, wapabanja, wa ana awiri. Ndapeza mwayi wokachita digiri yachiwiri ku Germany, pa mbiri ya dzikolo ndi kaphunzitsidwe ka nkhani za kupulula mitundu ya anthu. Chibwerereni kalata yondiyitana, pakhomo palibe mtendere.

Bambo akuti ndisinthe ndichite za bizinesi chifukwa History sigula feteleza. Mayi a kunyumba sakukana, koma akufunsa kuti ndikadzabwerako ndidzagwira ntchito yanji, poti malo a aphunzitsi m'mayunivesite athu ndi ochepa. Funso lawo ndi lomveka, ndipo likundisowetsa tulo.

Koma azakhali, mtima wanga uli pa nkhaniyi. Ana athu amaloweza kuti Hitler adatenga ulamuliro mu 1933, kuti malamulo a Nuremberg osala Ayuda adabwera mu 1935, kuti Ayuda 6 miliyoni adaphedwa, n'kukhoza mayeso, basi. Ambiri sadziwa kuti mu 1904, kuno ku Africa konkuno, asilikali a Germany motsogozedwa ndi Lothar von Trotha adathamangitsira Aherero m'chipululu cha Omaheke ku Namibia, n'kuwatsekera zitsime kuti afe ndi ludzu. Anthu a mtundu wa Nama ndi Aherero ena ankafera m'ndende ya pa Shark Island. Boma la Germany lidadzavomera mu 2021 kuti uku kudali kupulula mtundu.

Komanso m'kalasi mwanga muli ana a ku Dzaleka, ena makolo awo adathawa kupululidwa kwa anthu ku Rwanda mu 1994. Ndikatchula chakachi, mtsikana wina amangowerama, n'kumakanda desiki ndi cholembera mpaka belu lilire. Ife aphunzitsi sitidaphunzitsidwe kuyankhula za imfa zotere pamaso pa mwana amene zidakhudza agogo ake enieni. Luso limenelo ndi lomwe ndikufuna, kuti ndidzaphunzitsenso aphunzitsi anzanga.

Maphunzirowa ndi a zaka ziwiri, ndipo ndiyenera kuyamba ndaphunzira Chijeremani kuti ndizitha kuwerenga zikalata zakale. Banja lidzatsala kuno.

Ndithandizeni, azakhali. Bambo ndiwauze bwanji mosaoneka ngati ndikuderera mawu awo? Nanga mkazi wanga ndimulonjeze chiyani chomwe ndingathe kukwaniritsa? Kapena ndidikire ana akuleko kaye, ngakhale mwayi wotere sungabwerenso?

Ine mphunzitsi wothedwa nzeru,
Dowa